Kawaya ka Rauta Ndinkasolola Ndine

Mwana wathu Yohane anatitumizira rauta, kabokosi kolumikizira intaneti, kuchokera ku Joni kuti tizionana naye pafoni Lamulungu lililonse. Mphunzitsi wina wa kuno ku Jenala anailumikiza kubatire la sola, tinyali tobiriwira n'kuyaka.

Yohaneyu ndinamusiyitsa sukulu ali sitandade sikisi kuti azindithandiza kumunda. Ineyo ndinadzaphunzira kulemba ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene ndinamulanda. Mawu ake pafoni ndinkawapirira, koma nkhope yake ndinkaiopa.

Choncho tikaweruka kutchalitchi, ndinkatsogola kunyumba n'kukasolola kawaya kumbuyo kwa rauta, pang'ono pokha kuti kasaoneke. Mayi ake a Yohane ankakhala pakhonde atavala chitenje chatsopano, foni ili m'manja, ine ndikuloza ku Michesi ngati katswiri: "Phirili ndi limene likutchinga netiweki."

Lamulungu lachinayi mayi akewo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Yohane, phirilo limatchinga Lamulungu lokha? Ngati simukufuna kumuona, pitani kudimba. Ine ndi mwana wanga."

Ndinabwezera kawaya kaja. Foni itayamba kulira, ndinanyamuladi khasu, tsiku lopuma, nsapato zakutchalitchi zili kuphazi.