Alonda Ofulatira Mpira

Amuna anga adapita kukagwira ntchito ku dziko la m'chipululu lija kudachitikira mpikisano wa mpira wa dziko lonse. Adanyamuka pa Golomoti ndi chikwama chimodzi, atavala malaya amene ndidawasokera ndekha, poti ine ndine telala. Chaka choyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse. Ntchito yawo idali yosenza simenti pomanga bwalo la mpira, ndipo ankati dzuwa la kuno kwathu, limene timadandaula naloli, n'lachibwana. Uthenga wawo womaliza udabwera m'nyengo yozizira. Adati bwalo latha, tsopano awasankha kukhala mlonda pabwalo pomwepo, ndipo awapatsa chijakete chowala ngati cha akabaza. Adaseka n'kunena kuti mpikisano ukadzayamba ndidzawaona pa kanema.

Kuchokera pamenepo kudangoti zii. Ndikaimba, ankayankha ndi mawu a mayi wa m'makina, m'chilankhulo chimene sindichimva. Ndidakwera minibasi kukafunsa kwa munthu amene adawapezera ntchitoyo ku tauni, koma ndidapeza pakhomo pake akugulitsapo matayala. Ndidapita kwa abusa, ndidapitanso kwina kumene abusa sayenera kudziwa. Pofika mu Novembala ndidali nditasowa mtengo wogwira, kupatula mawu aja akuti ndidzawaona pa kanema. Anzanga ankadikira mvula, ine ndinkadikira mpira, chinthu chimene moyo wanga wonse ndinkachitcha masewera a anthu osowa chochita.

Ndimasokera pakhonde la golosale, moyang'anizana ndi nyumba ya kanema, chishedi cha malata ndi matabwa chokhala ndi sipika padenga. Sipika imeneyo imabwebweta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kaya ndi mpira, kaya ndi mafilimu a nkhonya. Imakhala chete pokhapokha pakagwa maliro pafupi, ndipo zimenezi amazidziwa ngakhale makondakitala ongodutsa pamsewu.

Masapota a mpira a pa Golomoti ali ndi gulu lawo. Wapampando wawo nthawi imeneyo adali aphunzitsi ena ochokera cha ku Mua, munthu wabwino ndithu, wopisira malaya ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Iwowa ndiwo adabwera ndi nkhani yakuti m'maiko ena anthu akunyanyala kuonera mpikisanowo chifukwa cha mmene antchito obwera adavutikira pomanga mabwalo. Adafuna kuti Golomoti nayo inyanyale.

Mkangano wake ndidaumva wonse, poti ankachitira pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi makina anga. Amene ankatsutsa kwambiri adali bambo wa chiwaya, wokazinga nyama ya mbuzi pasiteji. Ankati eni mpikisanowo sadziwa ngakhale kumene Golomoti ili, ndiye kunyanyalako adzakumva ndani, mbuzi zake? Ankatinso matimu a kuno ku Afirika ali komweko, kuwasiya osawachemerera n'kutaya abale pankhondo. Wina adati mpikisano umenewu umabwera patalipatali, ndipo iye ndi chifuwa chakecho sakudziwa ngati adzauonenso wina. Aphunzitsi ankayankha modekha kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ankati munthu sungakuwe chigoli pabwalo lomangidwa ndi misozi ya anzako. Atawaona kuti sakugonja, adaloza khonde langa ndi mlomo n'kuwakumbutsa kuti pabenchi ya kutsogolo m'kanemamo pali malo a mnzawo, amuna anga, amene bwalo limenelo lidamumeza.

Liwu limenelo, lidamumeza, lidandibaya ngati singano ya makina. Koma lidathetsa mkangano. Manja adakwera, ngakhale la wa chiwaya lidakwera mwaulesi. Amuna onsewo adakambirana za amuna anga kwa masiku, ine ndili poteropo, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adawoloka kudzandifunsa. Adabwera atamaliza, zipewa zili m'manja, kudzandiuza kuti andichitira ulemu. Mmene ndinkapeza mawu n'kuti atabalalika, aliyense akudzimva kuti wachita zakupsa.

Tsiku loyamba la mpikisano sipika sidalire. Wina wachangu chopusa adamanganso kansalu kakuda pachitseko cha kanema, ati ndi mmene amachitira anzathu akunja. Dzuwa lisadafike pamutu, kondakitala wina adatulutsa mutu pawindo n'kufunsa kuti watisiya ndani. Adamuyankha kuti ndi za mnzathu uja adapita kunja. Minibasi idanyamuka nawo mawu amenewo kulowera ku Mtakataka, kumene kuli kwawo kwa amuna anga.

Madzulo ake ndidapeza amayi a mumpingo atakhala pakhonde pathu, wina ndi kambale ka ufa, wina ndi mtolo wa nkhuni. Atangondiona adayambitsa nyimbo ya pa siwa. Ana anga awiri adaima pakona ya nyumba akundiyang'ana kuti ndiwauze ngati ayambe kulira. Ndidakalipa tsiku limenelo kuposa masiku onse a moyo wanga. Ndidawauza amayiwo kuti anyamule ufa wawo, pano palibe wafa. Adachoka akunong'onezana kuti chisoni chandizunguza mutu.

M'mawa mwake kudafika apongozi anga, amayi awo a amuna anga, atakwezedwa panjinga ndi alongo awo. Alongo awowo ndiwo atsibweni a amuna anga, eni mbumba, ndipo mawu awo kumudzi kwawoko sabwerera. Atsibweniwo adakhala pansi n'kufotokoza bwinobwino, mosakalipa. Adati abwenzi a munthu sangamange nsalu yakuda popanda chimene amva, mwina akungoopa kutiuza. Adati mzimu wa munthu sungamangoyendayenda m'dziko la eni, choncho tikangomaliza kudzala adzadula thunthu la nthochi n'kuliika m'manda m'malo mwa mtembo, monga timachitira munthu akafera kutali. Pambuyo pake adzandisudzula kuti ndione zina, ndikadali wamng'ono. Ankaona ngati akundichitira chifundo. Apongozi ankangopotokola nsonga ya chitenje.

Ndidachita mantha enieni. Munthu akamuikira nthochi ndiye kuti watha. Palibenso amene angamufunse, palibe amene angapite ku maofesi kukamulondola, ndipo dzina lake limayamba kutchulidwa ndi malemu kutsogolo. Ndidawapempha atsibweni kuti asabwerere msanga, andidikire pang'ono.

Aphunzitsi ndidawapeza pansi pa mango paja, akufotokozera anthu kuti Golomoti yaonetsa chitsanzo. Sindidawapatse ndi moni womwe.

"Aphunzitsi, mwandiphera amuna anga," ndidatero. "Kunjako sindikudziwa ngati adawapha. Koma kuno mwawapha ndinu, ndi kansalu kanuko."

Adadzidzimuka. Adati cholinga chawo chidali chowalemekeza, ndipo nkhaniyi si ya munthu mmodzi, ndi ya antchito onse ozunzika.

"Onsewo ali ndi akazi awo," ndidayankha. "Ine wanga ndi mmodzi, ndipo adandiuza kuti ndidzamuona pa kanema. Inu mwatseka kanemayo."

Adavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka adati za nsaluzo apepesa, aichotsa pompano, koma chimene gulu lidagwirizana sangachimasule okha, mpaka adzakumanenso. Ndidawafunsa ngati nthochi idzadikire msonkhano wawo. Adangovalanso magalasi awo.

Ndidapita kwa mwini kanema n'kumugwadira, mnyamata woti ndidamusokera yunifomu ali ku pulayimale. Ndikudziwa kuti mumtima adakondwa, poti mabenchi opanda anthu sadyetsa mwana, koma ankaopa gulu. Ndidamuuza kuti gulu lidaletsa masapota, ine si sapota, mpira sindiudziwa kumene uli mutu kapena mchira. Adakanda m'mutu, adayang'ana uku ndi uku, n'kupita kukaliza jenereta, poti magetsi adali atazima monga mwa masiku onse.

Ndidalowa ndi apongozi, atsibweni akutsatira monyinyirika. Kwa ine kadali koyamba kuponda m'menemo. Mudali mdima ndi fungo la thukuta, pansi pali makoko a mtedza okhaokha. Tidakhala pabenchi ya kutsogolo. Kanema atayaka ndidaona udzu wobiriwira, ndi anthu ochuluka kuposa amene ndidawaonapo pamsonkhano uliwonse. Mtima udagwa. Ndidali ndikuganiza kuti bwalo lake ndi ngati la kusukulu, loti munthu ungaone aliyense.

Mwini kanema ndiye adandionetsa alonda. Adali atandandalika m'mphepete mwa bwalo, m'zijakete zowala zija, ang'onoang'ono ngati nyerere. Onse adali atafulatira mpira, nkhope zili kwa anthu oonera, ati ntchito yawo ndi kuyang'anira kuti wina asadumphire m'bwalo. Choncho ife tinkangoona misana. Kuwonjezera apo wojambula adali ndi mtima umodzi, wothamangitsa mpira basi. Ukati uyang'anitsitse mlonda mmodzi, chithunzi chathawira kale mbali ina. Ndidamutukwana wojambulayo chamumtima, iye ndi mpira wake womwe.

Sipika italira, onyanyala aja adayamba kufika. Woyamba adali wa chiwaya, ati wabwera kudzaona chimene chikuchitika. Ena adalowa mmodzimmodzi n'kuima kumbuyo, osayerekeza kukhala pansi. Atamva chimene tinkafuna, adayamba kutithandiza. Amuna amene amadziwa dzina la wosewera aliyense adasiya kuyang'ana mpira n'kumasakasaka alonda. Uyu akuti taonani wachitatu uyo, wina akuti ayi ameneyo wanenepa, mnzathu adali wowonda. Timu ina idagoletsa, padalibe wokuwa. Adangodandaula kuti chigolicho akuchionetsa kambirimbiri, kutsogolo, kumbuyo, chapamwamba, kutitayitsa nthawi. Aphunzitsi sadalowe. Adaima pakhomo chafulatira, koma kawirikawiri ankafunsa ngati taona kanthu.

Chigawo choyamba chidatha chabe. Chachiwiri chili mkati, mpira udatuluka ndipo wosewera wina adapita kukamenya kona. Wojambula adamuyandikira kwambiri. Kumbuyo kwake, pafupi penipeni, kudaima mlonda. Adali munthu wakuda ngati ife, wowonda, wometa mpala, phewa limodzi lotsikirako. Adapotoza khosi pang'ono ngati akufuna kuba kuyang'ana mpira, mpaka khutu ndi tsaya kuoneka. Kona idamenyedwa, chithunzi n'kuchoka.

Apongozi adali ataimirira kale, manja ali m'mutu. "Mwana wanga uyo," adatero. "Ndi mwana wanga."

M'nyumba monse mudaphulika phokoso. Amuna adakumbatirana, wa chiwaya adalumbira kuti khosi limenelo angalizindikire ngakhale mumdima, wina adathamangira panja kukauza anthu. Koma wina chakumbuyo adanena motsitsa kuti mnzathu sankameta mpala, ndipo makutu ake sadali otero. Adamuzazira kuti akhale chete. Apongozi maso awo adachita ng'ala kalekale, nsalu yofiira amaitcha yakuda, ndipo atsibweni ankadziwa zimenezo kuposa tonsefe. Atsibweniwo adakweza dzanja, phokoso litatsika n'kutembenukira kwa ine.

"Mayi, mwini wake ndinu. Mukati ndi iyeyo, nthochi sindidula. Ndi iyeyo?"

Aliyense adandiyang'ana. Miyezi yonse ija ndinkadzitama kwa anzanga kuti amuna anga ndingawadziwe pakati pa chikhamu, ngakhale atafulatira. Msana umenewo ndidausambitsa ali ndi malungo, ndidagona pambali pake zaka zonse za banja lathu. Ndidafufuza m'mutu mwanga phewa limene linkatsika, lamanja kapena lamanzere, kapena ngati lidatsikapo n'komwe. Simenti imatsitsa phewa la munthu aliyense. Ndidayesa kukumbuka khutu lawo, koma m'maso mwanga munkangobwera khutu la mlonda uja. Sindinkadziwa. Ndidafuna kunena kuti inde, pakamwa padakana, poti ndikadalakwa ndiye kuti ndatenga mwamuna wa mnzanga n'kusiya wanga osamufunanso. Ndidafuna kunena kuti ayi, ndidaona nkhope ya apongozi. Misozi idayamba kutseka kanema yemweyo ndinkamufuna.

Ndidapukuta m'maso ndi chitenje n'kusendera kutsogolo mpaka mawondo kugunda tebulo la kanema. Ndidawapempha atsibweni kuti adikire pang'ono, ndionenso kachiwiri, poti chigoli chija adachionetsa kambirimbiri, nayenso mlondayo amubwereza posachedwa. Mpira unkapitirira, uku ndi uku. Mwini kanema adabwera n'kunjuta pambali panga.

"Amayi," adatero motsitsa mawu, "amabwereza zigoli zokha."