Chingwe Chotuluka mu Sutikesi ya Bambo

Bambo anga anamwalira m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, ndipo tinawaika ku Eiffel Flats, kunja kwa tauni ya Kadoma, kufupi ndi komboni yakale ya mgodi kumene anathera mphamvu zawo. Maliro anayenda bwino. A gulu la maliro anabweretsa bokosi ndi ufa, a mpingo anaimba, sadza, nsima ya kuno, inakwanira. Chinatsala ndi chimodzi: kwawo ku Malawi kunalibe amene ankadziwa kuti munthuyo wapita.

Wa magazi awo kumeneko anatsala mmodzi yekha, mchemwali wawo, azakhali anga, amene ine sindinawaonepo. Azakhaliwo analibe foni. Akafuna kulankhula ndi bambo ankayenda mpaka kumsika wa kwawo, n'kubwereka foni ya mwini golosale wina, n'kuimba pa intaneti. Analibe tsiku lodziwika. Nthawi zina ankaimba pafupipafupi, nthawi zina ankakhala chete mpaka bambo n'kuyamba kudandaula kuti mwina miyendo yawagwiranso. Nambala ya mwini golosaleyo inali malo amodzi okha, m'foni ya bambo, ndipo foniyo inali yokhoma.

Bambo ankaitsekula pojambula kamzere ndi chala pa timadontho. Zoti foni izindikire chala chawo zinakanika kalekale, chifukwa miyala ya mumgodi inafufuta mizere ya m'zala mwawo. Kamzereko sanaonetse munthu. Sikuti ankabisa. Palibe amene anaganiza zofunsa.

M'masiku a malirowo ndinaitengera m'tauni ya Kadoma, kwa bambo wina wokonza mafoni amene amaika tebulo lake pakhonde la sitolo. Anaitembenuza, n'kunena kuti angathe kuitsekula poifulasha, koma zonse zimene zili m'kati zifufutika, ndi nambala yomwe. Ndinamufunsa ngati sitingangochotsa laini n'kuiika m'foni yanga. Iye anandifunsa ngati nambala imene ndinkaimbira bambo pa intaneti ndi yomweyo ya laini ili m'foniyo. Sinali yomweyo. Pulogalamu yoimbirayo analembetsa pa nambala yakale imene inatayika pamodzi ndi foni yawo yoyamba, ndipo laini yatsopano inkangobweretsa intaneti. Anthu ambiri kuno ali choncho.

Kenako anandiuza mfundo imene inalamulira moyo wanga kuyambira tsikulo. Foni yokhoma imalirabe, ndipo munthu angathe kuyankha osaitsekula. Koma ikangozima, ukaiyatsanso, mafoni a pa intaneti salowa mpaka mwini wake ajambule kamzere kaja.

"Ikazima, sisi, mwaika maliro kachiwiri," anatero, akundibwezera.

Njira zina tinayesa. Tinatuma mayi wina wa geni amene amakwera basi kupita ku Malawi. Anabwerako n'kunena kuti dzina la mudzi limene tinamupatsa lilipo malo angapo m'boma lomwelo, ndipo iye analibe nthawi yoyendera midzi. Tinatsala ndi kudikira kuti azakhali aimbe, foni ili moyo.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza amayi akulongedza. Mwambo wa kwathu, monga anaunenera mkulu wa gulu la maliro, ndi wakuti katundu wa malemu sagawidwa kapena kugwiritsidwa ntchito mpaka a kwawo atamva n'kunenapo mawu. Majekete, chipewa, magalasi, nsapato za kumgodi, zonse zinalowa mu sutikesi yakale yansalu. Amayi anatambasula dzanja kuti ndiwapatse foni.

Ndinawafotokozera zonse, kawiri. Ndinati ndipite nayo ku Pfupajena, ku Chegutu kumene ndimakhala, ndikaisamale. Anakana. Anati safuna anthu azinena kuti mwana wamkazi walanda foni ya bambo ake dothi lisanaume. Ndinawauza kuti mwambowo wadziluma mchira: katundu akudikira azakhali, pomwe azakhaliwo tingawapeze ndi katundu yemweyo. Anayang'ana chingwe chotchajira chimene chinali m'manja mwanga.

"Chingwecho n'cha ndani?"

"Changa."

"Ndiye chako chilowe, chawo chisatuluke."

Tinagoneka foni pamwamba pa jekete, n'kutulutsa chingwe pakona pa sutikesi. Chivundikiro tinachichirikiza ndi bokosi la machesi kuti chisafinye chingwe. Kunjako tinalumikiza pawabanki, batire loyenda nalo limene limasunga moto wa foni. Kabowo ka foni kanali kotakasuka, choncho tinamanga pulagi ndi mphira. Ine ndinaloledwa kusuzumira kuti ndione moto, osaitulutsa. Bandulo ndinkaigulira kuchokera pa foni yanga.

Vuto linali moto. Ku Pfupajena magetsi ankabwera anthu atagona n'kuchoka asanadzuke. Ku Eiffel Flats kunali koipirapo: akuba anakhuthula mafuta ndi mawaya a thiransifoma ya m'dera la amayi, ndipo kunada osadziwika kuti kudzayera liti. Choncho moto wa foni ya bambo unkachokera ku Chegutu, m'chikwama changa, pa kombi, minibasi ya kuno. Ndinkasiya mapawabanki onse pa soketi pogona, m'mawa n'kuona timagetsi take. Akapanda kudzaza ndinkawapititsa kwa wometa tsitsi wa pamsewu wathu amene ali ndi sola.

Ndinaphunzira zambiri zimene sindinafune kudziwa. Nambala yaikulu yolembedwa pa pawabanki si moto umene umafika m'foni. Wina umatayika m'njira, n'chifukwa chake imafunda. Chingwe chopyapyala chimachedwetsa. Kabowo ka USB ka pa wailesi ya kombi kamapereka moto wochepa kwambiri, moti ulendo wa ku Kadoma umatha kagetsi kamodzi kasanawonjezereke, komabe ndinkalimbirana mpando wakutsogolo. Makondakitala, amene kuno timati mahwindi, anandizolowera. Wina ankati akandiona amakuwira dalaivala kuti a nthambi ya magetsi afika, awapatse malo. Pawabanki imodzi yaikulu, imene ndinagula pamsewu, inkaonetsa timagetsi tonse kenako n'kufa mwadzidzidzi. Wokonza mafoni uja ataitsekula tinapezamo batire limodzi laling'ono ndi timatumba ta mchenga toilemeretsa.

Chinthu chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali chaching'ono. Pawabanki ikaona kuti foni yadzaza imazima yokha, ndipo zathuzo sizinkadzuka zokha. Pamafunika munthu wodina batani. Ntchito imeneyo inagwera amayi, amene moyo wawo wonse sanafune foni yopanda mabatani. Ankadina akachoka kumjigo, akamaliza kusesa, asanapite kumpingo. Ankati ndawabweretsera khanda losakula, longoyamwa. Koma sanaiwalepo. Ndikawaimbira pa kafoni kawo kakang'ono, moni asanamalize ankayamba ndi kunena kuti timagetsi tatsala tingati.

Mvula yoyamba itagwa, foni inalira ine ndili ku Chegutu. Inali ndi kulira kwakukulu, chifukwa makutu a bambo anagontha pang'ono ndi makina a pansi. Amayi anathamanga, anatsekula sutikesi, n'kuyamba kudina chizindikiro chobiriwira monga amachitira ndi batani. Foni imeneyo simadinidwa, imafuna kukokera chala m'mwamba. Anadina mpaka inasiya. Nditafika madzulo ake ndinasuzumira. Pagalasi panalembedwa kuti Achemwali anaimba, dzina lokha, nambala osaoneka.

Amayi sanalire. Anandiuza kuti ndiwaphunzitse. Tinakhala pakhonde, ine ndikuimbira foni yanga kuchokera pa kafoni kawo, iwo akukoka chala. Zala zawo n'zouma ndi zong'ambika, galasi silinkazimva msanga. Tinapeza kuti akapukuta chala pa nsalu yonyowa pang'ono zimatheka. Kuyambira pamenepo ankasiya kansalu konyowa pafupi ndi sutikesi, ndipo anasiya kupita kutali. Kumpingo ankakhala mpando wakumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, azakhali osaimbanso. Tsiku lina posuzumira ndinaona kuti foni sikugonanso bwino pa jekete. Msana wake unali utatukuka, chivundikiro cha foniyo chikulekana ndi thupi. Ndinaijambula n'kukaonetsa wokonza uja. Anati batire latupa chifukwa chokhala pa moto nthawi zonse, m'malo otentha, pakati pa nsalu. Anati batire lotupa limatha kuyaka. Kulisintha kunali kotheka, koma posintha batire foni imazima.

Ndinawauza amayi monga ndinamvera, osachepetsa. Tikaisiya mu sutikesi, tikhoza kuotcha zovala za bambo, mwinanso nyumba. Tikaichotsa pa moto, azakhali sadzamva. Ndinkayembekeza mkangano wina. Iwo anadzuka, anatenga mbale yachitsulo imene bambo ankadyera, anakulunga dzanja ndi mpango wa bambo, n'kunyamula foni kuiika m'mbalemo. Mbaleyo anaiika pasimenti, pakona pozizira, kutali ndi makatani. Anati ikadali pa katundu wa eni ake, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere adzagone m'nyumbamo.

Kuyambira apo sitinkaidzazanso. Tinkaipatsa moto pang'ono, kuichotsa, kuibwezeranso, monga kumwetsa phala wodwala. Batire lotupa silisunga moto, choncho unkatsika mofulumira. Ndinayamba kugona ku Eiffel Flats masiku ambiri, n'kumapita ku Chegutu kukangotenga moto. Fungo lililonse lachilendo m'nyumba linkandiimitsa.

Inalira masana ena, ine ndikutsuka mbale, amayi manja ali mu ufa. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndiyankhe ineyo. Ndinagwada pasimenti, ndinakoka chala, foni ili m'mbale momwemo. Moto unali utatsika kwambiri. Mawu a mayi wokalamba anamveka, ali ndi phokoso la msika kumbuyo.

"Achimwene, mwadzuka bwanji kumeneko? Mwatitaya."

"Azakhali, ndine mwana wawo. Musadule. Apatseni kaye eni foniyo andiuze nambala yawo."

Amayi anandiyang'ana ndi diso limene ndinalidziwa kuyambira ndili mwana.

"Ndi mwana wa ndani ameneyu wopanda moni?" anafunsa azakhali, osati kwa ine, koma kwa wina pambali pawo.

Mwini golosale anabwera pa foni. Ananditchulira nambala, ine ndikulemba ndi khala pasimenti, n'kumuwerengeranso kuti atsimikize. Nditamaliza amayi anandikankhira pambali. Anapukuta manja pa chitenje, anagwada pafupi ndi mbale, n'kuyamba moni wonse kuchokera pachiyambi. Anafunsa za miyendo, za mvula, za adzukulu. Ine maso anali pa kachizindikiro ka batire. Azakhali anayankha zonse, koma mawu awo ankafupika yankho lililonse. Pomaliza anafunsa kuti nanga eni foni ali kuti.

"Alamu," anatero amayi, "khalani pansi ngati pali pokhala. Nyumba ino yatsala yopanda mwini."

Pokhala panalibe. Tinamva mwini golosale akukoka kreti ya mabotolo. Azakhali analira pamenepo, pakauntala, pakati pa anthu ogula mchere ndi sopo, popanda wachibale wowagwira. Atapeza mawu anafunsa kuti zinachitika liti. Atamva kuti mvula inali isanagwe, anati ndiye kuti tsiku lija anaimba osayankhidwa, mlongo wawo anali kale m'dothi. Anati anabwerera kumudzi akuganiza kuti wawakwiyira, n'chifukwa chake anachedwa kuimbanso. Amayi anayang'ana chala chawo.

Mawu a katundu anawanena okha, ife osafunsa. Anati zovala zigawidwe, ana avale, koma chipewa awatumizire. Mwini golosale anati apeza munthu wowaperekeza kumudzi. Kenako foni inadulidwa kumeneko.

Amayi anamasula mphira ija n'kuzula chingwe, anandipatsa. Mbale tinaitulutsa panja, pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi nyumba. Foni sinafike madzulo. Muli zithunzi za bambo ndi mawu amene ankatumizirana ndi mchemwali wawo, ndipo sindidzaziona kapena kuzimva. Wokonza uja anachotsamo batire lotupalo, n'kundifunsa ngati tsopano aifulashe kuti wina aigwiritse ntchito. Ndinamuuza kuti ayi.

Chipewa tinatumiza ndi mayi wa geni uja, atalongosoleredwa njira ndi mwini golosale. Chinafika. Nambala ija ili m'foni yanga ndi m'kafoni ka amayi, ndipo ya pasimenti amayi anakana kuikolopa mpaka inafufutika yokha ndi mapazi. Ndimaimba kugolosaleko nthawi ndi nthawi. Mwini wake amandilandira bwino, koma amati azakhali sabweranso kumsika kawirikawiri. Akuti njira ndi yaitali, ndipo amene ankawayendera kulibe.