Kamunthu ka Mutu wa Ketulo

Mwana wanga wachisamba anabwerera pakhomo kuchokera ku esiteti ya fodya cha ku Mavwere ali ndi chikwama chimodzi ndi foni yong'aluka pakona. Anali munthu wamkulu kale, woyendetsa thirakitala. M'dzinja la chaka chimenecho mphepete mwa msewu munagumuka, ngolo imene ankakoka inagubuduzika ili ndi antchito, ndipo mayi wina anafera pomwepo. Pepala la apolisi ndili nalo. Lili m'sutikesi yachitsulo momwe ndimasunga zonse za pakhomo pano, kuyambira khadi lake la kusikelo ndi la ubatizo la ku Guilleme. Likunena momveka kuti woyendetsa analibe mlandu. Ndinamuwerengera mokweza, iye anangoyang'ana zala zake za kumapazi.

Anasiya kulankhula. Chakudya ankangochigwiragwira. Kukacha ankatuluka wopanda nsapato n'kumangoyenda, ndipo tsiku lina anthu opita kumsika anamupeza atakhala pakati pa njanji, manja ali pamaondo. Kuchipatala cha pa boma anamupatsa mapiritsi, ndipo tulo tinayamba kubwera. Koma chimene chinamukhazika pakhomo masana chinali gemu imene inali m'foni muja.

Ndinaiona bwino gemuyo chifukwa ndinkakhala pambali pake pakhonde ndikuswa mtedza. Munali kamunthu kovala jekete, koma pamalo pa mutu panali ketulo. Kankathamanga pamwamba pa mano akuluakulu ondandalikidwa ngati miyala yowolokera pamtsinje. Kumwamba kunkasambira nsomba zosenza makwerero, zitseko zinkagwa ngati matalala, ndipo mwadzidzidzi dziko lonse linkatembenuka, pansi n'kukhala pamwamba. Nyimbo yake inali ngati ya wailesi yotha mabatire. Kamunthuko kakangokhudza kanthu, ketulo inkasweka, galasi la foni n'kuda bii, basi kuyambiranso poyamba penipeni.

Sindinaikonde. Koma mwana wanga ankafa m'menemo kuyambira m'mawa mpaka batire kutha. Likatha ankapita yekha kukaika foni pa sola, ndipo podikira ankadya. Kunjanji sanapitenso. Tsiku lina atadutsa malo amene anamuvuta nthawi yaitali, anandigwira bondo.

"Abambo, mwaona?"

Anali mawu ake oyamba kwa ine chibwerereni ku esiteti. Sindinaone chilichonse chimene ndikanamvetsa, koma ndinati ndaona.

M'mudzi muno ndine mkamwini. Ndinabwera kudzakwatira tsitsi lili lakuda, nyumba ndinamanga ndine, fizi ndinalipira ndine, malisiti alipo. Koma ana ndi mbumba ya alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga. Pa ukwati, pa maliro, pa matenda aakulu, mawu omaliza ndi awo. Mwambowu sindinkalimbana nawo, chifukwa inenso kwathu ku Dambe ana a alongo anga amamvera ine. Sindinkadziwa kuti ungafike mpaka m'foni.

Alamuwo anabwera Lamulungu lina pochokera ku mpingo wawo wa mapemphero. Anaima kumbuyo kwa mwana, akusuzumira.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Masewera."

"Masewera a munthu wopanda mutu? Mwana wasokonekera mutu, inu mukumuonetsa anthu odulidwa mitu. Ziwanda zimalowera pati ngati si pamenepa?"

"Akudya, alamu. Akugona. Kunjanji anasiya."

"Kudya ngakhale wamisala wa pamsika amadya."

Sanatenge foniyo pamaso panga. Anadikira tsiku limene ndinapita kudimba. Pobwera ndinaipeza ili pampando, atafufutamo zonse, ataikamo nyimbo zauzimu zokhazokha. Amene anaipereka ndi mkazi wanga. Nditamufunsa anangoti, "Achimwene ananena," n'kulowa m'khitchini.

Mwana anaitenga, anasakasaka ndi chala, anaiika pansi mofatsa. M'mawa mwake tinakamupeza kutali, akuyenda m'mphepete mwa msewu wa phula. Alamu anati mwaona, chiwanda chikulusa chifukwa talanda nyumba yake. Anagamula kuti tikangomaliza kukumba mtedza, mwana adzapita naye kutsidya ku Zambia, kwa mneneri wina amene amasunga odwala pamalo pake. Ndinati mwanayu ali pa mankhwala a kuchipatala. Anati zimenezo tayesa kale.

Ndinaona kuti pakamwa sindingawagonjetse. Njira inali imodzi: mtedza usanathe, mwana akhalenso pakhonde ali phee, kuti aliyense aone kuti palibe chifukwa chomuchotsera pakhomo.

Dzina la gemu ndinali nditalemba kale. Ndinakwera kabaza kupita pa boma, kwa bambo wina amene amabena nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi. Nditamuonetsa dzinalo anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Madala, gemu? Pamsinkhu wanuwu? Amayi kunyumba akudziwa?"

Ndinati si yanga. Anasaka pa kompyuta yake nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. Anati magemu otere sapangidwa ndi kampani, amapanga munthu mmodzi m'chipinda mwake kunja uko, ndipo akatopa nayo amangoichotsa. Chimene chinatsala chinali chithunzi cha kamunthu kaja, ndipo pansi pake anthu a maiko ena anali atalemba funso langa lomwelo, kuti tingapeze kuti ina yofanana nayo. Zinandipsetsa mtima. Munthu ungapange chinthu, anthu n'kuchidalira, kenako n'kuchichotsa osasiya ngakhale keyala yoti tikulembere?

"Tikupezerani zofanana," anatero wobena uja. "Fotokozani."

Ndinafotokoza monga timafotokozera mbuzi yotayika. Ndinanena za ketulo, jekete, mano, nsomba, mtundu wa thambo. Iye ankangogwedeza mutu, akuseka, akutsitsa magemu a zinthu zachilendo, ena a nyama za mitu iwiri, ena a nyumba zouluka. Ndinabwerera kumudzi ndili ndi chikhulupiriro.

Ndinakhala ndi mwana wanga pakhonde n'kumupatsa foni. Yoyamba anaitseka asanafike patali. Ina inkafuna netiweki, ndipo kwathu kuno foni imangolumphira ku netiweki ya ku Zambia, mayunitsi n'kutha usanachite kanthu. Ina inkaima pakati n'kuyamba kutsatsa malonda. Koma panali imodzi imene anaigwira ndi manja onse awiri, ya diso loyenda ndi miyendo m'nkhalango ya mafungulo. Disolo linagwera m'dzenje, kenako linadzukanso pamphepete pa dzenje lomwelo n'kupitiriza ulendo. Anayesanso. Linagwanso, linadzukanso pomwepo. Anandibwezera foni.

"Iyi imakhululuka, abambo."

"Ukuti chiyani?"

"Ukagwa imakudzutsa pomwepo, ngati palibe chachitika."

Ndinkaganiza kuti chimene chinkamugwira ndi ketulo ndi nsomba zija, pomwe iye ankafuna malo amene munthu ukalakwitsa umataya zonse. Mpaka pano sindikudziwa ngati gemu ija inkamuchiritsa kapena inkangomupatsa chilango chimene apolisi anakana kumupatsa. Zimenezi zinandisowetsa mtendere, moti nditapita kukamutengera mapiritsi ndinafotokozera namwino. Anati iye za magemu sazidziwa, koma munthu wotere chilichonse chimene chikumukhazika pakhomo ndi kumudyetsa, musamulande, ndipo mapiritsi asadumphitse.

Mtedza unali utayamba kukumbidwa. Masana tinkasinthana kumuyang'anira, ine ndi mayi ake, ndipo kawirikawiri ankatizemba. Ndinabwereranso pa boma.

"Madala a gemu afika," anatero wobena uja kwa anzake.

"Za nsomba ndi ketulo zisiyeni. Ndikufuna yovuta. Yoti ukalakwitsa pang'ono, uyambirenso poyamba. Yosakhululuka."

"Anthu amabwera pano kufuna zosangalatsa, inu mukufuna ya mtima wa apongozi?"

Anzake anaseka. Ine sindinaseke, ndipo ataona nkhope yanga anasiya. Wobenayo anati zambiri zotere zimafuna foni yamphamvu kapena kulipira ndi khadi la kubanki, zinthu zimene ine ndilibe. Tinayesa zingapo. Ndinamuuza kuti azifa dala ine ndikuona, kuti nditsimikize pomwe akuyambiranso. Anthu odzabenetsa nyimbo anayamba kudandaula kuti ndawatsekera mzere. Dzuwa litapendeka tinapeza imodzi yosakongola n'komwe, kadontho koyera kodutsa pakati pa makoma oyenda, opindika ngati matumbo. Wobenayo anafa kangapo motsatizana, n'kutukwana.

"Iyi ndi ya mfiti, madala. Tengani."

Nditafika pakhomo ndinaona mikwaso ya njinga zamoto pabwalo. Pakhonde panalibe munthu. Mkazi wanga anali atakhala pansi, maso atatupa.

"Mutangochoka anatizemba. Anakamupezanso panjanji. Achimwene anati sitingadikire mtedza."

Mapiritsi ake anali pawindo pomwe ndinawasiya.

Sindikunena kuti alamu anga ndi munthu woipa. Amene anakamuchotsa panjanji tsiku limenelo ndi iwowo, ndipo ndinamva kuti analira. Koma anatenga mwana wanga n'kuwoloka naye malire osandidikira ngakhale mpaka madzulo, ngati ine ndi mlendo wongogona pakhomopo.

Ndinatenga pasi ya pamalire n'kulondola. Malowo ndi mpanda wa udzu, mkati muli tinyumba ndi chisakasa chopemphereramo. Pachipata panali mkulu wina wovala mkanjo woyera.

"Ndinu ndani wake?"

"Bambo wake. Ndabwera kudzamutenga."

"Anamubweretsa ndi atsibweni ake. Wotulutsa ndi yemwe anabweretsa."

Ndinatulutsa khadi la ubatizo pomwe pali dzina langa, ndi buku lake la kuchipatala. Anazigwira mwaulemu, anayamikira kuti ndimasamala zinthu, n'kundibwezera. Anati mapiritsi salowa pokhapokha mwini mbumba atalola, ndipo foni sizilowa ngakhale atalola ndani. Ndinasiya zonse pachipata.

Mwana wanga ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, atametedwa mpala, atawonda. Pakakolo pake panali chizindikiro cha chingwe. Nditafunsa a pamalopo, anandiuza kuti masiku oyamba ankafuna kuthawa. Ndinakhala naye pansi pomwepo. Patapita nthawi anatembenuka.

"Mwaipeza?"

"Ija inachotsedwa, mwana wanga. Ndapeza ina. Ilibe ketulo."

"Ukafa umayambira pati?"

"Poyamba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Belu la mapemphero litalira, anadzuka osatsanzika.

Nditabwerera ndinachita zimene sindinachitepo chikwatirireni. Ndinaitana ankhoswe a mbali yanga kuchokera ku Dambe, tinapita kwa alamu, ndinavula chipewa n'kukhala pansi iwo ali pampando. Za gemu sindinatchule. Ndinapempha kuti mwana abwere, ndipo ngati sizitheka, alole mapiritsi alowe. Ndinanena za chingwe.

Alamu anayang'ana kumunda.

"Chingwe chimenecho n'chimene chamuletsa kupita kunjanji," anatero. "Inu mukapita ku boma kukasaka zidole, amuyang'anire ndani? Ndikam'bweretsa, sitima n'kumugunda, mudzandiuza chiyani? Mudzandionetsa pepala?"

Ankhoswe anga analankhula, a mbali yawo analankhulanso. Pamapeto pake alamu anatambasula dzanja n'kulandira mapiritsi, nati akawapereka okha ndipo akauza a pachipata kuti azimumwetsa. Za kubwera kwake anati akambirana ndi mbumba.

Mtedza tinakumba, tinaumitsa, tinagulitsa. Mwezi uliwonse ndimakatenga mapiritsi pa boma n'kukasiya kwa alamu, ndipo sindidziwa ngati amafika pakamwa pake. Mbumba sinakhalebe pansi. Mwana wanga adakali kutsidya.