Phungu Wakale m'Ndende ya ku Indiana

Anandiitana pa foni Lolemba m'mawa, mwezi wa Novembala, chisanu chitayamba kale ku South Bend kumene ndinkakhala. Mwamuna wa mawu ofatsa anati ndipite ku ofesi yoona za alendo ku Indianapolis, kuli mafunso ochepa pa pempho langa loti ndikhale m'dziko muno ngati wothawa kwawo. Mwana wanga wamkazi, namwino amene ndinkakhala naye, anasinthana shifiti ndi mnzake n'kundiperekeza pa galimoto. Ndinavala suti imene ndinkalowa nayo m'Nyumba ya Malamulo.

M'chipinda chopanda zenera, wondifunsayo anati, "Kwanu munkagwira ntchito yanji?"

Ndinamuuza. Ndinali loya woyamba kutsegula ofesi pa boma lathu, kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu. Ndinkaimira alimi amene eni esiteti ankawalanda minda, ndipo alimi omwewo ndiwo anandisankha kukhala phungu. Nditadzudzula m'Nyumbamo zotsekera anthu osawazenga mlandu, anyamata a chipani anatentha ofesi yanga. Mkazi wanga anamwalira chaka chomwecho. Ndinamuika m'manda, n'kunyamuka kubwera kuno.

Wondifunsa uja ankalemba osandiyang'ana. "Ndiye malamulo mumawadziwa," anatero. "Chilolezo chanu chokhalira muno chinatha pempho lisanafike."

Anandivula tayi, lamba ndi zingwe za nsapato. Kuseri kwa chitseko ndinamva mwana wanga akufuula, "Adadi, musasaine chilichonse! Ndikuimbira loya."

Anandipititsa kundende ya kunja kwa mzinda. Mlonda anayesa kutchula dzina langa, linamukanika. "Uzivomera ndikatchula nambala," anatero. Anzanga a m'chipinda ankalankhula Chisipanishi. Anali anthu abwino, koma tinkangogwedezerana mitu. Magetsi sankazima. Chichewa ndinkachimva Lamlungu lokha, mwana wanga akabwera, galasi lili pakati pathu. Kamodzi anabwera ndi mdzukulu wanga. Nditamufunsa za kusukulu anayankha m'Chingerezi, kenako anayamba kulira. Ndinapempha kuti asadzabwere nayenso.

Mu Januwale chifuwa chinandigwira, ndinagwa m'bafa. Anapita nane kuchipatala unyolo uli m'miyendo. Namwino wa kumeneko anapempha kuti andimasule. "Ndi munthu wamkulu uyu, athawira kuti?"

"Lamulo ndi lamulo," mlonda anayankha.

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kwathu. Ndinatembenukira kukhoma.

Tsiku la mlandu, loya wanga, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, anandinong'oneza kuti ndizingoyankha zimene ndafunsidwa. Ndinamvera. Moyo wanga wonse ndinkalankhulira anthu. Tsiku limenelo ndinakhala phee, wina akundilankhulira. Analankhula bwino, ndipo woweruza analamula kuti nditulutsidwe.

Ananditulutsa Lachisanu masana, mitengo itayamba kuphukira. "Pitani, bambo," mlonda anatero. Panja panalibe wondidikira, pakuti mwana wanga anauzidwa kuti ndituluka mawa lake. Ndinakhala pa benchi ya podikirira basi. Mabasi ankabwera n'kupita. Palibe anandifunsa kuti ndine ndani kapena ndikupita kuti.

Kale ndinkalankhula za ufulu ndili pa nsanja, anthu akuwomba m'manja, ndipo ndinkauyesa chinthu chachikulu. Pa benchi paja ndinapeza kuti ndi kanthu kakang'ono: munthu akafuna kudzuka, amangodzuka.

Ndinadzuka. Ndinayenda mpaka pa sitolo ya pangodya, n'kupempha foni.

"Mwana wanga, ndine. Usathamange pamsewu. Ndili panja."