Fungo la Masau Silichoka M'nyumba Muno

Mana, mkulu wanga, lero chakwana chaka chichokereni inu. Mu chapa, minibasi ya ku Matundo, mayi wina anakwera ndi dengu la masau, fungo lake n'kundibwezera pakhonde pathu tili ana. Munkasinja masau ouma ndi makoko a mandimu, n'kusakaniza ndi mafuta odzola m'kabotolo. Munandipaka kuseri kwa khutu n'kunena kuti, "Perefume wathu ndi ameneyu, woseka aseke."

Azakhali akuti nditaye timabotolo tanu mu Zambezi, ati fungo limaitana mzimu wa malemu. Ine sinditaya ngakhale kamodzi. Ndasinja masau ena masana ano, ndadzola, nyumba yonse ikununkhira inu. Ngati limaitanadi, bwerani Mana, chitseko ndasiya chotsekula.