Disiki Yatsopano ndi Makina a Amayi Anu

Ana anga ndi abale nonse, mwaswera bwanji.

Lero ndakalipira msonkho wa pamsewu wa kamotoka kanga, uja unatha kalekale. Ndamata disiki yatsopano ya msonkhowo pagalasi, ndipo ndabwerera ku Mtendere pamsewu waukulu, osati mozemba m'tinjira ta m'komboni tomwe tandithera matayala.

Pa rodibuloko ya apolisi ndaima ndekha, osaimitsidwa, n'kutsitsa galasi. Kapokola wake, mtsikana wa msinkhu wa Tamara wanga, sanaiyang'ane n'komwe disikiyo. Wangoti, "Pitani batate, mutichedwetsa," maso ali pa minibasi ya kumbuyo kwanga.

Ndalama ya msonkhowo ndaipeza pogulitsa makina osokera a malemu amayi anu. Tamara, ndi makina aja ndinakulonjeza. Amayi anu ndinawalanda zambiri ali moyo, lero ndawalandanso ali m'manda, chifukwa cha kapepala komwe palibe wakayang'ana.

Telala wa ku Bauleni amene wawagula akuti angathe kundibwezera ndikapita ndi ndalama yake sabata ino isanathe. Koma ndiye kuti motoka igulitsidwe, chonsecho kunyamulira anthu makala ndiko kumatidyetsa pano.

Ndichite chiyani? Tamara, yamba ndiwe kuyankha.