Makutu a Agogo

Agogo anga aamuna ankamvekabe fungo la girizi patatha zaka khumi chisiyireni ntchito. Linali litakhazikika m'jekete lawo labuluu, ndipo likasakanikirana ndi la tiyi wa mandimu m'kanyumba kathu kosanja ku Lewisham, m'dziko la Angerezi, tinkadziwa kuti madala adzuka, mtendere watha. Sankatha kuyankhula motsitsa. Pemphero lawo la chakudya linkamveka mpaka pokwerera basi.

Anathawa ku Malawi ali makaniko wa malole, n'kudzapeza ntchito kufakitale kumene ankayesera injini ya ndege yankhondo, ija imanyamuka chiimirire osayamba yathamanga pabwalo. Ankandikhazika patebulo n'kuvundikira makapu anayi.

"Mipope inayi, Tadala, yopemerera mphepo pansi. Ndege ikakwera, yonse itembenuke pamodzi kuloza kumbuyo. Umodzi ukangochedwa, mwana wa eni wapita chadodolido."

Tcheni chotembenuzira mipopeyo, chonga cha njinga yamoto, ankachimanga ndi iwo. Ankati injini zoyambirira sizinkachedwa kusweka, mwakuti injiniyo anailera ngati mwana wodwaladwala mpaka inalimba. Iyo inawathokoza powagonthetsa. Ndiye popeza amayi ankakhalitsa kuchipatala kumene anali namwino, makutu a agogo ndinali ine. Mlendo akayankhula, ndinkafuulira kukhutu lawo lamanzere m'Chichewa changa chopunduka.

Bwenzi lawo lenileni linali mayi Huda, a khomo loyang'anizana ndi lathu, ochokera ku Iraq. Masana aliwonse ankabwera ndi makeke otsekemera mopweteketsa mano, n'kukhala ndi agogo akuonera tivi. Wina wosamva, wina wa Chingerezi chochepa, koma ankaseka mpaka misozi.

Nkhondo itayamba kwawoko mu 2003 ndinali ndi zaka khumi. Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinawapeza akuonera nkhani. Ndege ija inatulukira pa tivi ikunyamuka m'fumbi, agogo n'kudzambatuka akuwomba m'manja.

"Yanga iyo! Taonani mipope ikutembenuka, osaphonya!"

Sanamve zimene wowerenga nkhani ankanena, zakuti ndegezo zinali kuponya mabomba kufupi ndi mzinda umene mchimwene wa mayi Huda ankakhala. Mayiwo anaimirira mwakachetechete n'kutuluka, chitseko osachimenyetsa n'komwe.

"Bwanji asisiwa? Shuga wachepa?"

Ndinawauza. Ndinachita kufuula kawiri, ndipo sindinawamverepo chisoni ngati tsiku limenelo. Anakhala pansi n'kumayang'ana zikhatho zawo. Kwa masiku atatu tivi sinayake, ndipo m'nyumba munali zii moti amayi anawapima kuthamanga kwa magazi.

Lamlungu anavala suti yakutchalitchi. "Tiye, mama, ukandimvere."

Mayi Huda atatsegula, agogo anavula chipewa n'kugwada pasimenti yozizira yapakhomo pawo, mawondo akulira. Anayankhula m'Chingerezi, mokweza monga mwa masiku onse.

"Mayi, ine ndinkamanga kuti anyamata oyendetsa ndege azibwerako amoyo. Kumene ankapita sindinafunsepo. Ndakulakwirani."

Mayiwo anayang'ana ine, maso ali psuu. "Uwauze kuti mchimwene wanga sakuyankha foni. Panopa sindingathe kuwayang'ana. Mwina tsiku lina."

Agogo anapendeketsa mutu, khutu lamanzere lili kwa ine, akudikira. Ine mtima unandilefuka, n'kufuula m'Chichewa, chimene mayiwo sakanamva:

"Akuti palibe mlandu, agogo!"

Nkhope yawo inamasuka. Anathokoza katatu, ine n'kuwadzutsa. Mayi Huda sanabwerenso kwathu, koma agogo ankati tiwasiye, chisoni cha munthu sichithamangitsidwa, ndipo iwo poti anakhululukidwa kale sankafuna kuvutitsa. Chaka chisanathe mayiwo anasamuka osatsanzika. Za mchimwene wawo sitinamve. Agogo anatisiya patapita zaka ziwiri, mtima uli m'malo.

Pano ndine mayi wa ana awiri, koma nkhaniyi imandipwetekabe. Ndinkati ndikuwateteza, ndipo mwina ndinawatetezadi. Koma agogo ndinkawadziwa. Munthu amene anapirira injini yosweka zaka zonse zija sakanagonja pa khomo limodzi. Akanamva mawu aja akuti mwina tsiku lina, akanavalanso suti Lamlungu lotsatira n'kukagogoda, mpaka tsikulo litakwana. Amene ndinawalanda tsikulo ndine.